A Chavula ndi Galimoto Yoyetsemula

Ayi achimwene, sanali mbale wanga. Inu munandiona nditagwira bokosi la maliro a a Chavula kutsogolo kuja ndiye mukuti kapena ndi amalume. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, iwo anali a ku Henga uko, chiyankhulo chawo mpaka lero ndimangotola apa ndi apo. Koma ndikanapanda kugwira nawo bokosi lija, mkazi wanga sakanandipatsa ngakhale madzi osamba. Khalani pansi ndikuuzeni, poti inu boma lakutumizani kuno ku Mzuzu chaka chomwe chino, simungawadziwe.

A Chavula anali makaniko. Osati wa ku garaja ya boma, ayi. Kumeneko anagwirako pang'ono n'kukangana ndi kapitawo, akuti ankawathamangitsa. Ndiye anamanga chisakasa chawo kumunsi kwa Katawa, chakudambo, mitengo ndi malata akale, n'kukumba dzenje lolowamo munthu akafuna kuona pansi pa galimoto. Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, chikhoti cha usilikali osavula ngakhale dzuwa litatuluka. Ntchitoyo anaiphunzira ku Tanganyika, kenaka pa malole a nkhondo. Kumeneko n'kumene khutu limodzi linagontha. Ndiye pomvera injini ankatenga kamtengo, mbali ina pa chitsulo, mbali ina pa fupa la kuseri kwa khutu, maso atatseka. Munthu wosawadziwa ankaganiza kuti akupemphera.

Ukabwera ndi galimoto, sankathamangira boneti. Ankakulozera thayala lakale kuti ukhalepo, iwo n'kukhala pa chigubu, n'kuyamba kukufunsa ngati sing'anga wa kuchipatala. Yayamba liti? Imachita ikazizira kapena ikatentha? Pokwera kapena potsika? Wasintha chiyani? Wagwirako ndani? Madalaivala ambiri ankapsa nazo mtima. Wina wa lole ya matabwa anawauza kuti, "Madala, ine ndabwera ndi lole, sindinabwere ku mlandu." Iwo anangotenga fodya wawo n'kumuuza kuti msewu ndi womwe wabwerawo. Anapitadi, nakazungulira konse, n'kubwereranso pa thayala lomwelo.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi munthu wogwira timasikulu ta pa kabureta, kachipangizo kaja kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Ankanena kuti kabureta amanamiziridwa milandu yonse chifukwa choti ali pamwamba, timasikulu take tikuyang'ana kunja, pamene dzanja la aliyense likufika. Akuti pa magalimoto onse amene anabwera nawo anthu akuti kabureta wafa, ochepa okha ndi amene anali ndi vuto pamenepo. Ukatambasula dzanja kuti upotoze iwo akuona, ankakukwapula ndi chisanza cha girisi. Ndinakwapulidwapo ine, munthu wa ana.

Anakanganapo ndi akulu a mpingo pa nkhani ya fodya. Ankasuta chingambwe, chokulunga okha. Akuluwo atabwera kudzawalangiza, iwo anati fodyayo ndi chipangizo cha ntchito ngati sipanala. Anthu anaseka, nkhaniyo inamveka mpaka kumsika. Ine ndinaseka nawonso nthawi imeneyo. Ndinadzaona ndekha pambuyo pake.

Tsono za ine zinali chonchi. Apongozi anga, a Longwe, bambo a mkazi wanga, ndi a ku Nkhata Bay. Anakhala ku Joni zaka zambiri, anthu mpaka anayamba kuwatcha mtchona, kenaka tsiku lina n'kutulukira ndi galimoto. Yakale inde, ya ku Amereka, yakuda, ya mphuno yaitali, mzungu wake anali atatopa nayo. Koma masiku amenewo munthu wakuda wokhala ndi galimoto kuno tinkachita kumuloza ndi chala. Maso awo anali atayamba kufooka, ndiye anandipatsa ine kuti ndiziyendetsa, poti ndinaphunzirako pa malole a ku esiteti. Ndinkatsika ndi anthu ndi mchere, n'kukwera ndi anthu ndi usipa. Ine ndi NyaLongwe, mkazi wangayo, tinkakhala kuno, iwo kunyanja.

Ankaikonda galimotoyo, mwina kuposa ife tonse. Pa Khirisimasi ina ndinaisiya kwawo kuti ipume, ine n'kupita kukaona amayi ku Ntcheu. Pobwera ndinapeza aikamo wezulo wonyezimira amene anabwera naye m'sutukesi kuchokera ku Joni. Ukakoka kachingwe pafupi ndi chiwongolero, fyoo-fyuu! mudzi wonse kudziwa kuti ya a Longwe yafika. Anamangira okha, mothandizidwa ndi wokhoma ndowa wa pamsika. Ine ndinangoti zikomo, n'zokongola.

Pasanapite nthawi galimoto inayamba matenda. Ikaima ikulira, inkanjenjemera thupi lonse, chiwongolero gwedegwede ngati munthu wa malungo, kenaka zii, yazima. Ukaponda mafuta, pho! pho! kuyetsemulira m'kabureta, nthawi zina ndi kamoto komwe. Amayi a usipa ankafuula kumbuyo kuti tipsa. Anzanga pa siteji aliyense anabwera ndi sikuludilaiva yake, uyu kupotoza kumanja, uyo kumanzere, osasintha kanthu. Ndinadzapeza kuti ndikakoka choko pang'ono, kachitsulo kaja timakoka m'mawa injini ikazizira, inkakhalako bwino. Ndiye ndinkayenda chikokere. Koma choko imamwa petulo, achimwene. Thanki imene inkatsika kunyanja n'kubwerako inayamba kundithera pa phiri.

Mukudziwa zimene amanena za ife madalaivala, kuti timapopa petulo n'kugulitsa, n'kuthiramo palafini kuti thanki ioneke yodzaza. Ena amachitadi. Ndiye wina anakanong'oneza a Longwe kuti taonani, petulo akutha, galimoto ikuyetsemula, mkamwini wanu wa ku Ntcheu uja wakupezani. Iwo sanandiyitane. Kwawoko mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso pa nkhani zotere. Anatuma uthenga kwa mwana wawo, kuti galimoto ndiisiye, ndipo iye ndi ana atsike kunyanja kufikira akulu atakhala pansi. Ine ndinadziwa kuti akatsika ndi dzina loti bambo wawo ndi wakuba, kukwera kwake n'kovuta. Ndinalibe wanga kuno wondiyankhulira.

NyaLongwe sanandifunse ngati ndaba kapena ayi. Mpaka lero sanandifunsepo. Anangoyala chitenje pansi n'kuyamba kuikapo zovala za ana, chimodzi lero, china mawa, mochedwa dala. Ndipo anabweza uthenga kwa bambo ake kuti adzatsika, koma ayambe abwera okha, galimotoyo ionedwe ndi a Chavula iwo alipo.

Ine ndinathamangira ku Katawa. Ndinawapeza akutsuka mapulagi m'chitini. Ndinagwada, ndikuti, "Dada, akabwera apongozi, muwauze kuti ine sindine wakuba."

Sanakweze ngakhale mutu. "Yayi. Ine sindikukudziwa iwe. Mwina waba."

"Dada, ndikulumbira."

"Usalumbire, pano si pa khoti. Bwera nayo madzulo ano, igone pano. Ndikufuna ndiipeze yozizira. Ndipo usagwireponso chilichonse."

Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Ndinkati munthu wamkulu, wa mpingo, angokana chonchi?

A Longwe anakwera ndi lole ya makalata tsiku lomwelo, osafikira kwathu. M'mawa mwake tinakumana pachisakasa paja, nkhungu ili tolo, ija ya kuno yonyowetsa malaya popanda mvula. Iwo atavala suti ya ku Joni ndi chipewa, ndodo m'manja. Ine ndinaima chapatali. Tinali anthu atatu okha, koma mawu onse ankadutsira kwa a Chavula.

"A Chavula, muuzeni mkamwini wangayu kuti ine si mwana. Galimoto iyi ndachoka nayo ku Joni, sinatsokomolepo ngakhale kamodzi."

"A Chavula, auzeni apongozi kuti ine palafini ndimathira mu nyali basi."

"Kodi ine ndine makaniko kapena positi ofesi? Khalani pansi nonse."

Thayala linalipo limodzi, ndiye anakhalapo apongozi, ine pansi. Anayamba mafunso awo aja. Yayamba liti? Tinati itatha Khirisimasi. Mwasintha chiyani? Ine ndinati palibe. A Longwe anati palibe. Sitinaname, achimwene. Tonse awiri wezulo tinkamuona ngati chokongoletsa, ngati maluwa a pa chipewa, osati chinthu cha injini.

A Chavula anati tiyambe ndi mlandu umene wabwera nawo mwini galimoto. Analowa m'dzenje, namasula pansi pa thanki, natunga petulo pang'ono m'kachitini. Anang'amba pepala la shuga pawiri. Pa lina anadonthezapo petulo wa m'thankiyo. Pa linalo anadonthezapo petulo yemweyo atamusakaniza ndi palafini wa mu nyali yawo. Anaika mapepalawo pa thabwa, timiyala pamwamba, n'kunena kuti, "Lindani." Ndiye amuna atatu akuluakulu tinakhala tikuyang'ana mapepala. Ndinayamba kuganiza kuti nanga ngati wa pa pampu ndi amene anandithirira wosakaniza ine osadziwa? Patapita kanthawi, loyamba linauma mbee, osasiya chizindikiro. Lachiwiri linatsala ndi banga la mafuta. Podziwa maso a apongozi, anawapatsa m'manja kuti akhudze ndi kununkhiza okha.

A Longwe ananunkhiza lina, nanunkhiza linalo, n'kuti, "Lero waika wabwino. Amadziwa kuti tikubwera."

Ine ndinafuna kuyankha. Koma a Chavula anangogwedeza mutu. "Enya, zingatheke. Ndiye ngati lero muli wabwino, ilire bwino lero. Iwe, pukusa."

Ndinalowetsa hendulo kutsogolo n'kupukusa. Inalira, n'kuyamba gwedegwede wake uja. A Chavula anakoka kawaya ka mafuta pang'ono, pho! Chipewa cha apongozi chinatsala pang'ono kugwa. Petulo wabwino, matenda omwewo.

Pamenepo ndi pamene anayamba ntchito yawo yeniyeni, pang'onopang'ono, ngati kulibe amene akudikira. Anazimitsa, namasula mapulagi, nawayang'ana kunsonga. Onse anali otuwa ngati phulusa. Anati injini imeneyi ikudya mpweya wambiri, mafuta ochepa. Anaona mapoyinti, tizitsulo timene timatumiza moto ku mapulagi, naona ngati moto ukufika pa nthawi yake, zonse zinali bwino. Atabwezera mapulagi tinailizanso, iwo n'kumvera ndi kamtengo kawo mbali iyi ndi iyo. Kenaka anavula chosefera mpweya, n'kuphimba kukamwa kwa kabureta ndi chikhatho, theka lokha. Mukanamva, achimwene. Injini ija inakhazikika pomwepo, kulira bwinobwino ngati yatsopano. Atachotsa dzanja, gwedegwede.

"Mwapulika?" anatero, kutifunsa ngati tamva. "Ndikaitseka pakamwa ikusangalala. Ndiye kuti ikupumira pena, pamene sipayenera."

Anazimitsanso, namasula lamba wa fani kuti mphepo isasokoneze, akuti kwa kanthawi kochepa sipsa. Anakulunga chingambwe chawo, nayatsira kutali uko, ine n'kupukusanso. Anawerama n'kuyamba kuuzira utsi pang'onopang'ono m'mbali mwa chipaipi chonenepa chimene chimachoka pa kabureta kulowa mu injini. Utsi unkangokwera m'mwamba. Anasuntha, nauziranso, ukukwerabe. Atafika chakumbuyo, pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, utsi uja unapinda. Unapinda ngati wina akuukoka ndi chingwe, n'kulowa pansi pa chipaipicho. Pamenepo panali kapaipi kakang'ono ka mkuwa, kokulungidwa ndi ulusi ndi sopo. Ndinakatsata ndi maso. Kankapita ku wezulo.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali ndi mawu ambiri, achimwene, a masabata onse aja. Koma nsapato ya usilikali inandiponda chala, kundiponda kwenikweni. Ndinameza.

A Chavula anaponya fodya kutali, natikita m'maso. "Utsi wandilowa, sindikuona bwino. A Longwe, inu zala zanu n'zamumgodi, sizichita mantha ndi kutentha. Tandithandizani. Yendetsani chala pansi apa, pang'onopang'ono, muziuza pamene mumve mphepo."

Apongozi anapinda dzanja la suti, nawerama. Chala chinayenda, chinayenda, n'kufika pa ulusi paja. Injini inakhazikika. Anachotsa, gwedegwede. Anabwezerapo, yakhazikika. Anachita zimenezo kangapo, okha, palibe amene akuwauza. Kenaka anangokhala chiweramire, chala chili pomwepo, injini ikulira bwino pansi pa dzanja lawo. Ine ndinkayang'ana ku dambo.

"Apa ndinaboola ndine," anatero apongozi potsiriza, motsitsa.

"Enya," a Chavula anayankha, ngati akukamba za nyengo. "Mwaboola pamalo pake, wezulo amafunadi kukoka mpweya pamenepo. Koma ulusi ndi sopo sizikhalitsa pa moto. Zimitsa, iwe."

Ine ndinkaganiza kuti azula wezuloyo n'kumutaya ku dambo. Ayi. Anamasula kapaipiko, nakatsuka, nakawotcherera bwinobwino pa kachitsulo ka mazinga, nadula kawashala ka mkuwa, namanga. Anawapatsa apongozi sipanala kuti amalizitse okha kumanga. Atatha zonsezo, atabwezera lamba, ndi pamene anatenga sikuludilaiva n'kufika pa kabureta, kubwezera timasikulu timene anzanga a pa siteji anapotoza. Ankapotoza pang'ono, n'kumvera, pang'ono, n'kumvera, uku akutukwana madalaivala onse a mu Mzuzu m'Chitumbuka. Ataponda mafuta, inangoti vuu, osayetsemula. Choko ili mkati.

A Longwe anapukuta zala ndi mpango wawo woyera, nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi. Kenaka anati, "A Chavula, muuzeni mkamwini wanga anditule kunyumba kwake, ndikaone adzukulu."

"Muuzeni nokha. Ali apa."

Ndinkamva madzi akudontha pa malata. Ndiye apongozi anatembenuka, nandiyang'ana kumaso, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatire mwana wawo.

"A Maseko, ada, tiyeni kunyumba."

Titafika, mtolo uja unali pakhomo, womangamanga. NyaLongwe anagwada kulonjera bambo ake, osafunsa kanthu. Iwo anakhala pa mpando, napempha kuti awasendezere mtolowo. Anamasula mfundo ija ndi manja awo, zala zikadali ndi girisi m'zikhadabo, n'kuyamba kutulutsa timalaya ta ana n'kumapatsira mwana wawo, kamodzikamodzi. Mawu oti pepani sanatuluke, ndipo sindinawadikire. Zimenezo zinandikwanira.

Koma za kundikana kuja zinandikhalabe pamtima. Patapita miyezi ndinapita ndi nsomba yowamba kukathokoza, n'kuwafunsa. Anandiuza kuti akanati andiikire kumbuyo asanatsegule boneti, apongozi akanangoti makaniko ndi dalaivala amadyera limodzi, ndipo ngakhale galimoto ikanachira, dzina langa likanatsala lodwala. Anatinso zoona zake n'zoti samandidziwadi. Nanga za kundiponda? Akuti munthu amene wamugonjetsa pa anthu umakhala naye mdani pa maliro onse ndi maukwati onse a m'banjamo, mpaka mmodzi wa inu afe. Nsombayo analandira, nati yewo chomene, n'kundiuza kuti ndichoke pa kuwala, ndikuwatchinga.

Sindikuti anali munthu wofewa. Analekana ndi mng'ono wawo chifukwa cha sipanala yobwereka imene inabwera yopindika, zaka osayankhulana. Ukawapeza tsiku loipa ankakuyankha ndi msana. Galimoto ya a Longwe ija inayenda zaka zina zingapo, kenaka inathyoka chitsulo cha kumbuyo pa phiri, zopangira zake osapezeka. A Chavula anaiyang'ana n'kunena mosabisa kuti yatha, tisavutike. Apongozi anakwiya nawo mwezi wathunthu, komabe atadwala ankafunsa za iwo.

Zaka zomalizazi ntchito inachepa. Kwabwera magaraja a makina, anyamata a masiku ano safuna kukhala pa thayala n'kumafunsidwa. Chifuwa chinawagwira, fodya yemwe uja ndi nkhungu ya kudambo. Komabe m'mawa uliwonse ankatsika, n'kukhala pa chigubu chawo. Galimoto ikamadutsa kumsewu ankapendeketsa mutu, khutu labwino lija kumsewu, n'kunena yekha kuti iyo pulagi imodzi yafa, iyo mwini wake akuipha. Ndinkapitako Loweruka ndikaweruka. Sitinkakamba zambiri.

Dzulo, titachoka kumanda kuja, NyaLongwe anati tidzere ku Katawa. Ana a mlongo wa a Chavula anali atazula kale malata pamene ankadwala, ndi zitsulo zonse anatenga. Patsala mitengo yokha, ili chiimire, ina itapendama. Dzenje lija ladzaza madzi a mvula, muli ana a achule. Udzu wayamba kulowa kuchokera kudambo, koma pakati, pamene pankaima magalimoto, dothi ndi lakuda ndi oyilo wa zaka zonsezo, sipamera kanthu. Pali ngati chipinda chopanda makoma.

Mkazi wanga anathyola nthambi n'kuyamba kusesa pamenepo, masamba ndi timapepala, atawerama, nsalu ya kumaliro ikadali kumutu. Ine ndinangoima. Panadutsa mayi wina atasenza nkhuni, wachilendo, naima n'kumuyang'ana.

"Mama, mukusesa chiyani pamalo popanda nyumba?"

NyaLongwe sanaweramuke. "Banja langa linakonzedwa pano."

"Ndi ndani?"

"A Yesaya Chavula."